Mawu a Apongozi mu Laputopu Yanga

Ndine mkamwini pamudzi wina kufupi ndi Nsaru, ndipo chikwatirire changa apongozi anga aakazi sadandiyankhulepo maso ndi maso. Si chidani ayi, ndi ulemu wa kwathu kuno. Ndikawaona akubwera kutsogolo ndimapatukira kutchire, iwo nkudutsa akuyang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu amauza mkazi wanga, ndipo mawuwo amandipeza atazizira kale.

Mayiwa amagulitsa mtedza pamsika. Pakamwa pawo mpakuthwa, ndipo kuyamikira munthu sadazolowere. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikudikira chinthu chimodzi, choti tsiku lina mkazi wanga adzalowe m'nyumba nkunena kuti, “Amayi akuti mwachita bwino.” Ndidawafolera nyumba, ndidawalukira nkhokwe, ndidawakumbira chimbudzi. Uthenga womwe udabwera udali woti chitseko cha chimbudzicho chapendama.

Pa Nsaru ndili ndi kashopu kotchajira mafoni, kuikira anthu nyimbo m'mafoni ndi kutayipa makalata. Mphunzitsi wina wopuma wa ku Namitete adandisiyira laputopu yakale yomwe inkachedwa kuyaka moti munthu unkatha kukagula mandasi nkubwera isadadzuke. Tsiku lililonse inkalemba kuti pulogalamu yake ikufuna kiyi wogula. Mphunzitsiyo adafufuta zonsezo nkuikamo pulogalamu yamtundu wina kuchokera pa fulashi yake.

“Iyi ili ngati mbewu ya mbatata,” adatero. “Umapempha kwa mnzako, nkubzala, chaka chamawa nawe nkugawira wina. Amene adailemba sadaitsekere. Ukhoza kuigwiritsa ntchito, kusuzumira m'kati kuti uone momwe adaipangira, kusintha pomwe sipadakusangalatse, nkupatsanso anzako. Koma zomwe wasinthazo ukamapatsa wina usazitsekere. Uzipereke ndi ufulu womwe iwe udazipeza nawo.”

Mawuwa adandilowa mpaka m'mafupa. M'kati mwa laputopuyo mudali kasewero ka ana. Kamaonetsa chithunzi, mwana nkudina chilembo choyamba cha dzina la chinthucho, ndipo akakhoza mawu amamuyamikira m'Chingerezi. Dzinja lonse, makasitomala akasowa chifukwa cha mvula, ndinkakhala ndikutsegula mafayilo ake. Ndidachotsa zipatso zomwe ana athu sadazionepo nkuikamo khasu, chimanga, njinga, fodya. Ndidalakwitsa kangapo mpaka sikirini kuda bii, nkuyambiranso. Mawu a Chingerezi aja ndidangowazimitsa.

Lamlungu ndinkapita nayo kumudzi nkuiika pampando pansi pa mtengo wa mango. Ana ankaunjikana mpaka kupondana. Ine ndinkaba maso kuyang'ana kukhonde la apongozi, ndipo ndinkawaona kuti akuona. Madzulo ake mkazi wanga adabwera ndi uthenga. “Amayi akuti musatithere batire ya sola.”

Kenako mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, adakwatiwa, ndipo pamudzi padabwera mkamwini wachiwiri. Iyeyu adabadwira pa esiteti ya fodya. Makolo ake adachokera kummwera kudzagwira utenanti, ndipo adakulira pakati pa anthu a mitundu yosakanikirana. Zopatukira kutchire sadazidziwe. Tsiku loyamba lomwe adapita molunjika kwa apongozi nkuwapatsa moni wa padzanja. Ine ndidadikira kuti mudzi uyake moto. Apongozi adangoseka. Pasadathe mwezi ndidamuona atakhala pakhonde pawo akuswa nawo mtedza, akuwatchula kuti amayi, iwo akumunena kuti amadya wambiri kuposa womwe akuswa.

Mtima unkandipweteka, koma ndinkadzitonthoza kuti ine ndili ndi laputopu.

Lamlungu lina mkamwini mnzangayo adabwera pansi pa mango nkukhala pambali panga. Amagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Kabudula, ndipo ali ndi kalaputopu kake.

“Achimwene, kodi zimenezi mudagula kuti?”

“Sizogula izi,” ndidatero, ndikudzimva ukulu. Ndidamulalikira zonse za mbewu ya mbatata zija mokweza, kuti mphepo ifikitse mawu anga kukhonde. Ndidamukoperera pa fulashi yake, ndidamuonetsa pomwe pamakhala zithunzi ndi pomwe pamakhala mawu ndidazimitsa aja.

“Ndiye kuti ndikhoza kusintha chilichonse, eti?”

“Chilichonse. Palibe angakufunse.”

Patapita masabata angapo, ndikuchokera kushopu masana Loweruka, ndidamva mawu a apongozi akuchokera pansi pa mango, pomwe njira yanga imadutsa. Miyendo idandipatutsa yokha, ndidalowa m'munda wa chimanga nkuima kuti adutse. Sadadutse. Ndidangomva, “Khasu.” Kenako, “Njinga.” Kenako, “Walakwa iwe, yesanso.” Nditasuzumira pakati pa mapesi ndidawaona ali kutali pakhonde pawo, atagwira pakamwa ndi nsalu, akuseka mpaka misozi. Mawuwo ankachokera mu laputopu ya mnzanga uja, yomwe ana adaunjikira pansi pa mango. Adali atawajambula pa foni akuswa mtedza, nkuika mawu awo pomwe ine ndidasiya pali zii. Mwana wina adakhoza, ndipo makina adati, “Wakhoza, mwana wanga.”

Ndidaima m'chimangamo, chisoso chikundimata m'thalauza. Mawu amenewo ndidali ndisadawamvepo kuchokera pakamwa pawo, ngakhale kwa ana awo obereka okha.

Nkhani idafika mpaka ku Mpingu. Amayi anzawo a pamsika ankabwera kudzamva mnzawo akuyankhula m'makina. Aphunzitsi a sukulu yapafupi adatuma munthu kudzapempha kope. Aliyense ankati ndi makina a mkamwini wamng'ono. Khasu lomwe ankaliona pa sikirini lidali langa, ndidalijambula ndekha kuseri kwa shopu, ndipo mpini wake wong'aluka umaoneka. Palibe adafunsa za mwini khasu. Apongozi adapha tambala wawo wofiira, ndipo mbale idalowera kunyumba ya mlamu wanga. Kwathu kudabwera fungo lokha.

Nsanje idandigwira. Mnzangayo ndinkamuchitira nsanje pa chilichonse: kuseka kwake, kusadziwa kwake mwambo, ngakhale mpando womwe ankakhalira pakhonde paja. Ine ndidasunga ulemu zaka zonsezi, ndipo ulemu womwewo ndi umene udandiletsa kukakhala pafupi ndi apongozi nkuwauza kuti, mayi, tanenani khasu. Maganizo oterowo sakadandibwerera nkomwe.

Ndidatuma mkazi wanga kuti akawafotokozere mwakachetechete yemwe adayamba ntchitoyo. Adabwerako msanga.

“Atani?”

“Amayi akuti akudziwa. Akuti inu mudabweretsa chinthu chosayankhula, mnzanu ndiye wachipatsa pakamwa.”

“Nanga iweyo sudandiikire kumbuyo?”

“Ndikadati chiyani, bambo? Si inu nomwe munkafuula pansi pa mango kuti aliyense asinthe? Mudzi wonse udamva.”

Ndidakwera minibasi mpaka ku Namitete kwa mphunzitsi uja. Ndidazungulira ndi nkhani za mvula ndi mitengo ya fodya, mpaka ndidafunsa ngati palibe kanjira koti munthu aletse mnzake kugwiritsa ntchito zomwe iye adavutikira. Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Nanga iweyo, kasewero ka anako udakapempha kwa ndani? Amene adakalemba ukuwadziwa nkhope?”

Sindinkawadziwa. Ndidabwerera ndili ndi nsanje yanga yonse, kungoti tsopano ndidalibe pokaisiya.

Chomwe ndinkafuna ndi choti mkamwini mnzangayo akhale womana. Akadabisa mawu aja, ndikadakhala ndi chifukwa chomveka chomudera, ndikadayenda nacho pamudzi. Koma m'mawa wina adaimika njinga pakhomo pa shopu yanga nkutulutsa fulashi m'thumba la malaya.

“Achimwene, mudati zosintha sitibisa. Ndi izi. Pa chilembo cha fodya pakukakamira, mwina inu mukonza, ine zandikanika.”

Ndidalandira ndi manja awiri, ndikumwetulira ngati munthu wabwino. Adakwera njinga akuimba mluzu, ndipo mluzuwo udandinyansa mpaka adakhota pa chigayo.

Pa fodya paja ndidakonza mosavuta, lidali dzina la fayilo lokha lomwe adalakwitsa. Dzuwa lidali paliwombo, makasitomala kulibe, mafoni a anthu akutchaja phee. Ndidati ndiyese ngati zonse zikuyenda. Pa sikirini padabwera khasu langa la mpini wong'aluka, ndipo mawu a apongozi adadzaza kashopu konse, pafupi kwambiri, mpaka kumveka kuswa kwa mtedza kumbuyo kwake. Ndidapeza kuti ndaweramitsa mutu.

Ndidadina chilembo.

“Wakhoza, mwana wanga.”

Mawuwo apongozi adanenera mwamuna wina, pakhonde pomwe ine sindidakhalepo, ndipo ndidadziwa kuti madzulo ake ndikakumana nawo panjira ndilowanso m'tchire. Ndidavula chipewa nkuchiika pa tebulo. Kenako ndidabwezera khasu lija pa sikirini, nkudinanso.