Helimeti ya Bambo a Mwai

Mwamuna wanga Ellard anabwera ku England ali mwana, mayi ake a Vailet atapeza ntchito ya unamwino ku Walsall. Anali wamfupi, wojintcha, ndipo mpira wa miyendo unamukana. Atasinkhuka, mnzake wina anamutengera ku Birmingham kukaona mpira wa ku America, uja amavala mahelimeti n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Anamupatsa mpira m'manja n'kumuuza kuti athamange, asagwe. Sanagwe. Kuyambira tsikulo ndi running back, munthu amene amakumbatira mpira n'kuboola pakati pa zimphona zofuna kumugwetsa. Salandira kanthu. Mkati mwa sabata amayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, ku warehouse ya ku West Bromwich, Lamlungu tikaweruka kutchalitchi amapita kukagundidwa, n'kubwerako akuimba.

Ine ndinachokera ku Ntcheu titakwatirana. Timakhala ku Smethwick, m'nyumba ya masitepe otsetsereka, ndi mwana wathu Mwai amene wangoyamba kuyenda.

Lamlungu lina mu Epulo anabwera osaimba. Anandifunsa ngati Mwai wadya, ndinayankha. Anavula nsapato, n'kufunsanso. Atafunsa kachitatu ndinasiya mbale m'sinki n'kumuyang'ana.

"Fiona, ndi ka knock chabe ka kumutu. Usawauze amayi."

Sindinawauze, koma maso anga sanachoke pa iye. Anayamba kutseka makatani masana. Mwai akalira ankagwira mutu ndi manja onse. Lachitatu akutsika masitepe mwana ali m'manja, anaima pakati n'kutsamira khoma, maso ali tsinzinu. Ine ndinali m'munsi, ndikuwayang'ana. Kenaka anatsika akumwetulira ngati palibe chachitika. Kuyambira pamenepo ndinkathamangira kunyamula Mwai ndisanamve phazi la bambo ake pasitepe.

Loweruka madzulo dzuwa lisanalowe kunabwera Rex, mnzake wa kutimu, kudzaonera draft pa TV. Ndi nthawi imene matimu akuluakulu a ku America amasankha anyamata ochokera m'makoleji, mmodzimmodzi mosinthana. Linali tsiku lomaliza, la otsalira. Ndinaona mnyamata wina akulira, mayi ake atamukumbatira, ndipo ndinafunsa chifukwa chake amutenga mochedwa chonchi.

"Ndi running back ameneyo, alamu," anatero Rex akutafuna mtedza. "Masiku ano matimu ambiri sawathamangira."

"Sadziwa mpira?"

"Amaudziwa kwambiri! Koma amatha msanga. Munthu wogundidwa nthawi iliyonse akagwira mpira, bondo, phewa, mutu. Koyambirira umatenga woponya mpira, ameneyo amakhalitsa. Running back umatola kumapeto, umugwiritse ntchito zaka zingapo, asanafike thirty watha, utolenso wina. Ngati matayala."

"Ndi strategy yabwino," anatero Ellard, akuphimba maso ndi dzanja chifukwa cha kuwala kwa TV.

"Bambo a Mwai, inu muli ndi zaka zingati?"

Rex anaseka mpaka kutsamwa. "Mdala uyu ndi tayala la sekondihandi, alamu, koma mawa tikumufuna. Palibe wina."

Anyamata a ku America aja ali ndi madokotala awoawo, ndipo eni matimu akudziwa kuti thupi silipirira. Wanga ali ndi ine, ndi chikwama cha mabandeji chimene amasunga kochi. Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve, ndinaimbira ankhoswe.

Ankhoswewo ndi a Laison, malume ake a Ellard, amene amayendetsa basi. Ndinangoti m'nyumba muli nkhani, abwere mawa tikaweruka. Iwo anaganiza zoopsa, ndipo anatenga mlongo wawo, apongozi anga. Anatipeza Ellard ali pakhomo, chikwama paphewa, helimeti m'manja.

"Khala pansi, mphwanga," anatero a Laison. "Mkaziyo ndi ndani?"

"Mkazi uti, malume?"

"Si mkazi," ndinatero nditagwada pafupi ndi mpando. "Ndi mpira."

"Mpira? Mwandivalitsa jekete chifukwa cha mpira?"

"Fiona, seriously? Ankhoswe?" Ellard sanandiyang'anepo choncho chikwatirane.

Ndinafotokoza zonse, za mafunso, za makatani, za matayala a Rex. Ndinamalizira ndi zimene zinachitika pa masitepe. Apongozi anadzuka n'kutsegula makatani mwamphamvu. Ellard anatembenuza nkhope msangamsanga.

"Tayang'ana kuno. Unasanza?"

"Kamodzi, Mum."

"Ndipo sabata yonse wakhala ukuyendetsa fokolifiti? Ukunyamula mdzukulu wanga pa masitepe awa?"

Ellard anaweramitsa mutu. Foni yake inalira m'thumba, Rex akumudikira pa galimoto. A Laison anatambasula dzanja, osati ku foni, koma ku helimeti.

"Ine mpira wanuwu sindiudziwa. Koma ichi chikagona kwanga."

Ellard anaigwiritsitsa. Ndinaona zala zake zitalowa m'zitsulo za kumaso, ndipo ndinadziwa kuti akadzuka n'kutuluka palibe mwa ife angamuimitse, munthu woti amuna atatu amalephera kumugwetsa. Mwai anayenda dzandidzandi n'kukagwira bondo la bambo ake. Ellard anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapereka helimetiyo.

Tsiku lomwelo apongozi anapita naye kuchipatala. Adokotala anati ubongo unagwedezeka, apume mpira ndi fokolifiti yomwe mpaka atamuonanso.

Helimeti ili m'buti ya galimoto ya a Laison. Ellard amandiyankhula pang'ono, ndipo amati mu Juni akaitenga. Sindikudziwa ngati a Laison adzakane. Dzulo m'mawa ndinamupeza pamwamba pa masitepe, Mwai akumukwezera manja kuti amunyamule. Anaima, n'kundiitana.

"Amake Mwai, bwera umutsitse ndiwe."