Nsomba Imene Inatuluka M'khonde Mwathu

Ine ndinakulira ku Ntcheu, kumapiri, kumene nsomba tinkaidziwa itauma kale, itabwera m'dengu pa njinga. Nditakwatiwa n'kutsikira kuchigwa, kufupi ndi Chiromo, ndinayamba kuona zinthu zoti ukakazinena kwanu amati dzuwa lakuzunguza mutu. Ndinaona ng'ona itagona pamchenga pamene dzulo lake ndinayanikapo zovala. Ndinaona dimba lonse la mpunga litametedwa ndi mvuu. Zonsezo ndinazizolowera. Koma chimene chinatuluka m'khonde mwa nyumba yanga sindinachizolowere, ndipo mpaka lero ndikachikumbukira thupi limachita tsemwe.

Chaka chimenecho tinali titangopulumuka ku madzi osefukira. Nyumba yathu yoyamba inapita, mbuzi zinapita, nkhokwe inapita. Mwana wathu woyamba, wamkazi, amene anali asanayambe n'komwe sukulu, anapulumuka atakhala pakhosi pa bambo ake, madzi akuwalekeza m'chifuwa. Nkhaniyi itafika ku Ntcheu, amayi anga sanagone nayo. Anatumiza mawu akuti ngati ine ndasankha kukafera m'madzi ndi zanga, koma mdzukulu wawo abwere kumudzi.

Ukwati wathu unali wa chitengwa. Ine ndinatsatira mwamuna, koma mwini mbumba anali amalume anga, ndipo mawu awo pa mwana anali omaliza. Mwamuna wanga ndi Mmang'anja, mwambo umenewu ankaudziwa yekha, sanayese n'komwe kulimbana nawo. Tinangopempha chinthu chimodzi, kuti atilole timange pamalo ena okwera, kenako amalume abwere adzaone ndi maso awo. Akakhutira, mwana akhale ndi ife. Anavomera.

Mwamuna wanga anagwira ntchito ngati wolodzedwa. Anapeza kamtunda kena, namangapo nyumba. Kuti ioneke yokwera kwambiri, anaizunguliza khonde lalitali lofika m'mawondo. Pamalopo dothi linali lamchenga, losagwira, choncho ankakadula zibuma za makande, dothi lakuda lija limene m'chilimwe limauma gwa n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Ankazidula zikuluzikulu ndi khasu, n'kumazisanja momwemo osaziphwanya. Ine ndinazira pamwamba pake mpaka khonde linasalala. Kunena zoona, ndinkanyadira nalo khonde limenelo.

Amalume anafika mvula itatsala pang'ono kuyamba. Ndi munthu wowonda, mkulu wa mpingo, wosaseka chisawawa, ndipo jekete sanaivule ngakhale kunkatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Anazungulira nyumba manja ali kumbuyo, akumenya khonde ndi nsapato ngati akufuna kugula. Kenako anafunsa mwamuna wanga ngati madzi a mtsinje amafika pamenepo.

"Nkhabe, amalume," anatero iye atagwira pachifuwa. "Pano madzi sanapondepo chibadwire changa."

Amalume anangogwedeza mutu. Madzulo ake anadya bwino, anamuika mwana pamwendo, ndipo ine mtima unayamba kukhala m'malo. Tsiku lotsatira mvula yoyamba inagwa, yamphamvu, yosalekeza mpaka kucha. Udzu wa denga mbali imodzi unali waufupi, choncho madzi onse a mbali imeneyo ankangothira pakhonde.

M'mawa kutacha mwamuna wanga anapita kudooko kukakapa madzi m'bwato. Amalume anakhala pampando pakhomo akumwa tiyi, ine ndikusesa zinyalala zimene mvula inakokolola. Mwana ankasewera ndi matope pangodya ya khonde. Ndinangomva akundiitana, mosachita mantha ngakhale pang'ono, akuti amayi, khonde likupuma.

Ndinapita ndi tsache m'manja ndikuganiza kuti ndi chule. Pamene madzi ankathira paja dothi linali litafewa, ndipo linkatukuka n'kumabwerera, kutukuka n'kumabwerera. Panatuluka thovu. Kenako panamveka kulira kosasa mawu, ngati kwa khanda lodwala chifuwa, kuchokera m'kati mwa khonde limene ndinazira ndi manja anga. Dothi linang'ambika, n'kutuluka mutu waphwatalala, wotuwa, wa timaso ting'onoting'ono. Unayasamula kukamwa n'kumeza mpweya. Thupi linatsatira pang'onopang'ono, lamamina lonse, lalitali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono. Chinthucho miyendo chinalibe, zipsepse chinalibe, chinali ndi tizingwe tinayi timene tinkagwedera m'mbali. Chinagwera pansi n'kuyamba kudzikoka m'matope kulunjika kumapazi a mwana wanga.

Sindikumbukira kuti ndinamunyamula bwanji mwanayo. Ndinangopezeka ndili pakati pa bwalo, ndamukumbatira, ndikukuwa. Amalume kapu anaiponya. Munthu amene sindinamuonepo akuthamanga anadumpha mpando n'kukaima pafupi nane akutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza. Mpweya utabwerera anandifunsa monong'ona kuti ndinayambana ndi ndani pamudzipo, chifukwa chinthu chotere sichilowa chokha m'nyumba ya munthu. Ine ndinayamba kuwerenga m'mutu amayi onse amene tinasemphanapo mawu pa mjigo. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti wina watitchera.

Mwamuna wanga anamva kukuwako ali m'njira, nabwera akuthamanga ndi nkhafi m'manja. Atachiona chinthucho anaima. Kenako anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi m'matope, misozi ikutuluka, ine ndikufuna kumuswa ndi tsache lomwelo.

Anati ndi nsomba. Kumeneko amaitcha dowe, ndipo mwana aliyense wa msodzi amaidziwa. Anafotokoza kuti madzi akayamba kuphwa, nsomba zina zimathawira kumtsinje, zina zimafa, koma iyi imaboola matope n'kudzipinda m'menemo. Imadzikuta ndi mamina ake amene amauma ngati kathumba, n'kusiya kabowo kakang'ono kopumira. Imagona choncho chilimwe chonse, osadya, osamwa, dothi litauma ngati njerwa, kudikira madzi. Anapisa dzanja m'dzenje muja n'kutulutsa chikhungwa chofiirira chonga tsamba louma la fodya, natipatsa kuti tigwire. Palibe anagwira. Ndiye kuti miyezi yonse ija ndinkakhala pakhondepo, kusenda nyemba, kupesa mwana tsitsi, pansi panga pali chamoyo chikupuma.

Mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi beseni, naipana nsombayo pakhosi mosamala poti imaluma, n'kunyamuka nayo akuti takhuta, ndiwo zapezeka. Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ufiti panalibe, ndipo ndinayamba kuseka nawo, manyazi ali tho.

Amalume sanaseke. Anatola kapu yawo, naipukuta ndi mpango, kenako anafunsa mwaulemu kwambiri ngati nsombayo imagona paliponse, kapena pokhapokha pamene panali madzi. Mwamuna wanga, atakomedwa kuti mlendo wa kumapiri akuphunzira kwa iye, anati pokhapokha pamene madzi anakhalitsa. Amalume anafunsanso kuti nanga zibumazo anakazidula kuti.

Ine ndinamva kumene funsolo linkapita. Ndinatsokomola. Ndinamuyang'ana mwamuna wanga ndi diso limene mkazi aliyense amalidziwa. Iye sanandione n'komwe. Analoza ndi mlomo kuseri kwa mtengo wa masau umene unali kumapeto kwa bwalo lathu, nati ndi pompa, tiyeni ndikakuonetseni.

Tinapita tonse, mwana ali kumsana kwanga. Panalibe ulendo. Anali malo oti munthu ali pakhomo ukhoza kumuitana osakweza mawu. M'maenje amene iye anakumba munali mutadzaza madzi a mvula, ndipo tili chiimire, mutu wina waphwatalala unatuluka pamwamba, n'kumeza mpweya, n'kumira. Mwamuna wanga anawomba m'manja ndi chimwemwe, akuti ina iyo, mwaona, zilimo zambiri.

Amalume anayang'ana madziwo nthawi yaitali. Kenako anacheukira kunyumba, ngati akuyeza ndi maso.

"Bambo, nsomba izi zinagwa kumwamba?"

Apa m'pamene nkhope ya mwamuna wanga inasintha. Anayamba kunena kuti pakamtunda penipenipo madzi sakwera, kuti amangofika m'munsimu basi, kuti khonde ndi lalitali. Sankanama. Kwa munthu wobadwira kuchigwa, madzi akalekeza kumapeto kwa bwalo ndiye kuti sanafike. Koma mawu ankamuthera m'kamwa, chifukwa iye mwini anali atangonena kumene kuti dowe amagona pamene madzi anakhalitsa.

"Inu mwamanga bwino, sindikutsutsa," anatero amalume. "Koma nsomba yagona pakhomo panu chilimwe chonse kudikira mtsinje. Iyo ikudziwa kuti ubweranso. Ine ndikamuuze chiyani mlongo wanga?"

Ndinagwada m'matope momwemo. Ndinalira, ndinalonjeza kuti tisamukanso, tikapempha malo kumtunda kwenikweni. Amalume anati tikadzasamuka tidzawauze, koma mvula yayamba kale, ndipo sangasiye mwana kuti adzaone ngati nsomba ikunama. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa, ndikanapeza poyambira kukangana nawo.

Masana omwewo ndinachapa timadiresi take, ndipo sitinaume bwino chifukwa cha mitambo. Ndinatipinda tili tonyowa. Mwamuna wanga anakakhala kuseri kwa nyumba, ndipo ine sindinamulankhule kwa masiku ambiri. Ndinkadziwa kuti analakwa chifukwa chokonda dera lake ndi zinthu zake, koma mkwiyo wanga unalibe kwina kopita. M'mawa mwake mwana anakwera njinga ya kabaza pamodzi ndi amalume, akusangalala kuti akukakwera basi.

Malo a kumtunda sitinawapeze msanga. Chaka chimenecho mtsinje unalekeza pa mtengo wa masau. Patapita zaka zingapo unadzalowa mpaka m'nyumba, choncho sindinganene kuti amalume analakwa, ndipo zimenezi n'zimene zimandipweteka kwambiri. Pamene tinkadzasamuka, mwana anali atayamba kale sukulu ku Ntcheu, ndipo aliyense anati si bwino kumusokoneza.

Ulendo wina nditapita kukamuona, ndinamupeza akutsuka mbale pabwalo, atatalika, akulankhula Chichewa cha kumapiri chopanda mawu amodzi a kuchigwa. Anandilandira chikwama, nagwada bwinobwino kundipatsa moni monga mwana woleredwa bwino. Kenako anathamangira kumunda kukaitana amayi anga, ndipo ndinamumva akukuwa ali m'njira.

"Amayi, bwerani, kwafika alendo a ku Nsanje aja."