Diski Inasunga Dzina Lokha

A Taipisi a pakona paja, otaipira anthu makalata aja, anang'ambapo buluku pamaso pa makasitomala asanu ndi awiri. Mayi wina ankafuna kuzula pulagi ya kompyuta kuti atchaje foni, iwo n'kudziponya pansi pa tebulo ngati goloboyi. Msoko wakumbuyo unangoti pwee! Anadzuka dzanja lina lili pa pulagi, lina likuphimba manyazi, koma ulaliki sanausiye.

"Mayi, diski ili mkatimu ndi yabodza. Imati yasunga zinthu zikadali m'manja. Ntchito zake n'ziwiri: kulemba mawu enieniwo, kenako kulemba dzina la fayilo pamndandanda. Koma ikafuna kufulumira imayamba ndi chomwe chili pafupi. Magetsi akathima italemba dzina lokha, mwatsala ndi envulopu yopanda kalata."

Uthengawu aliyense wa mumsewu wathu anaumvapo, ngakhale wobwera kudzangofunsa nthawi. N'chifukwa chake pansi pa tebulo pankakhala batire lolemera ngati thumba la simenti, loti lizigwiriziza kompyuta magetsi akathawa.

Chaka chatha akazi awo anafa ziwalo mbali imodzi, lilime n'kulemera. M'mawa wina mawu anabwerako bwino.

"Bambo a mwana, katengeni makina anu aja. Ndimulembere mtsikana wathu."

Mtsikanayo anachoka pakhomo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo atayambana ndi bambo ake, ndipo foni ya kwawo sankayankha. A Taipisi anathamangira kushopu, n'kubwera atakumbatira kompyuta. Batire analiyang'ana, nagwira msana wawo, nalisiya.

Mayiwo anayankhula pafupifupi ola lathunthu, akupumira m'njira. Zala za a Taipisi zinkangouluka. Zaka makumi atatu akutaipa madandaulo a eni ake zinawaphunzitsa luso limodzi: mawu azichoka kukhutu kupita kuzala osadzera mumtima. Atamaliza anadina posungira, ndipo chala chisanachoke pabatani, magetsi anati phethi.

"Yasunga?" anafunsa mayiwo.

"Yasunga," anayankha a Taipisi, maso ali kukhoma.

Magetsi anabwera madzulo, koma iwo sanayerekeze kuyatsa. Mayiwo sanayankhulenso, ndipo Lachisanu anatisiya.

Mtsikana uja anafika maliro ataikidwa kale. Sanakhale pansi, chikwama chili paphewa.

"Akuti amayi anandisiyira kalata."

A Taipisi anayatsa. Dzina linalipo bwinobwino: Kwa mwana wanga. Atatsegula, munali zinyenyeswa za chidziwitso chomwe anafufuta kalekale, cha munthu wogulitsa firiji yogwira ntchito bwino.

"Chabwino, makina alakwa. Nanga inu munalipo. Anati chiyani?"

A Taipisi anatsegula pakamwa. Zala zinagwedera pamaondo ngati zikufuna kuyankha zokha. Anakumbukira kuti panali ndime zisanu, ndi kuti liwu lina analitaipa kawiri n'kulikonza. Zomwe mayiwo ananena, ayi.

Mtsikanayo anadikira pang'ono, kenako anakwera basi ya masana.

Shopu amatsegulabe, koma ulaliki uja unatha. Tsiku lina akufotokozera mayi woyandikana nawo nyumba za dzina lotsogola ndi mawu otsalira, mayiyo anasiya kuyanika zovala n'kuwayang'ana.

"Musanamizire diski, achimwene. Mkazi wanu ankayankhula komaliza, inu makutu munabwereketsa makina."