Ulusi Wobiriwira M'magiya a Pulinta

Lachiwiri m'mawa Rukiya anaima pakhomo pa kaofesi ka abwana ake, chikolopa chili m'manja, madzi atafika m'khosi. Pulinta inkakukuta kuti khrrr! khrrr! ngati munthu waluma mwala mumpunga, mapepala n'kumatuluka okwinyika.

Abwanawo, Mayi Pillay, ankaphunzitsa ana masamu m'nyumba mwawo ku Randburg, ku Joni, ndipo mapepala a mayeso ankafunika Lachisanu. Wokonza makina anali atanena kuti abwera sabata yamawa.

"Amene umalowa muno ndiwe wekha," anatero mayiwo m'Chingerezi. "Ukapanda kundiuza chimene wachita, Lachisanu ulongeze."

Kulongezako kunali kutaya ntchito pamodzi ndi kachipinda ka kuseri komwe ankagona ndi mwana wake wamkazi. Rukiya anali atavutika kale mokwanira. Mayeso a Fomu 4 anamukana kawiri kwawo ku Namwera. Atafika ku Joni anakhala miyezi isanu ndi iwiri ku Hillbrow, anthu asanu ndi anayi chipinda chimodzi. Kubwereranso kumeneko ndi mwana? Ayi ndithu.

Apa m'pamene anakumbukira malemu bambo ake, Che Majidu, amene anakalambira pachigayo. Iwo ankakonda kunena kuti, "Makina sanama, mwanangu. Akamalira usathawe, funa pamene akumva kuwawa."

"Madamu, ndipatseni lero lokha," anapempha Rukiya.

Mayiwo anangogwedeza mapewa. Kaya ankaganiza kuti chowonongeka sichiwonongekanso kawiri.

Rukiya anayamba ndi thireyi ya mapepala. Anaisolola, n'kupukuta timawilo tokoka pepala, n'kuyatsa. Khrrr! Anatulutsa katiriji, kabokosi ka inki yaufa, n'kupukusa giya ya katirijiyo ndi chala. Inkayenda bwinobwino, kungomudetsa manja basi. Anaibwezera, n'kugunditsa khutu pambali pa makinawo monga ankachitira bambo ake. Phokoso linkachokera kumbuyo.

Anatsegula kachitseko ka kumbuyoko mwaphuma, n'kupisa dzanja. Mayo! Kumeneko n'kumene pepala limawotchedwa kuti inki imatirire. Chala chinatupa pomwepo, misozi n'kulengeza. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Anazula pulagi, anakachapa mbale, anabwerako makina atazizira.

Anawunika ndi tochi ya foni. Pa kagiya kena panali patakulungika ulusi wobiriwira, wothina kwambiri moti mano a giyayo ankalumphana. Ulusiwo ankaudziwa. Unali wake.

Inu mukudziwa mmene tilili ife Amalawi. Wailesi timaivundikira, TV timaivundikira, ngakhale filiji imavala kansalu. Rukiya anali atalukira pulintayo kansalu ka mphonje ndi manja ake, ndipo ankaiphimba akamaliza kukolopa. Tsiku lina abwana anatumiza mapepala kuchokera pa laputopu ali kukhitchini, kansalu kali pomwepo, makina n'kumeza mphonje imodzi.

Ulusiwo anausomola pang'onopang'ono ndi kapini ka mpango wake. Atayatsa, pulinta inangoti fuu, pepala n'kutuluka losalala.

M'chipindamo munalibe wina. Akanatha kuponya ulusiwo m'thumba la epuloni n'kutuluka ngati katswiri. Koma anauika pachikhatho, n'kupita nawo kwa abwana.

"Madamu, ndine ndinalakwa. Kwathu chinthu chamtengo wapatali sitichisiya pambalambanda."

Mayi Pillay anayang'ana ulusiwo, n'kuyang'ana chala chotupacho.

"Ndakunyoza pamene iwe unkalemekeza katundu wanga," anatero. "Usalongeze. Ndiuze, wadziwa bwanji pokayang'ana?"

"Ndamvetsera, madamu."

Madzulo omwewo mayiwo analemba pagulu la WhatsApp la anthu a mumsewu wawo kuti kunyumba kwawo kuli dokotala wa mapulinta. Loweruka kunabwera mapulinta awiri. Imodzi inamukanika Rukiya, ndipo anavomera kuti yamukanika. Mayi Pillay anamupezera kosi yokonza makina ya Loweruka lililonse, iye n'kumaphunzira mpaka satifiketi yoyamba m'moyo wake inatuluka.

Lero Rukiya ali ndi benchi yake yokonzerapo mapulinta m'kashopu kena ku Jeppestown. Akamakamba nkhaniyi amathokoza Mulungu, amathokoza mayi amene anadziwa kupepesa, ndipo saiwala kuthokoza bambo ake. Kansalu kaja kalipo, kamavundikira wailesi. Mmalawi akabwera ndi pulinta yolira, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Achimwene, nenani zoona, mumaiveka?"

Inu amene zinthu zikukukutani lero, mwina mayeso anakukanani, mwina munalakwitsa nokha, musathawe phokosolo. Gunditsani khutu, dikirani pazizire, ndipo mukapeza kuti ulusi ndi wanu, uvomereni. Musataye mtima, anzanga. Zimene anakuphunzitsani kwanu zija sizinathere pa boda.