Mpeni wa a Saidi pa Khola Lathu

Fungo la ndowe zonyowa ndi magazi limandibwezabe ku dzinja lija, pamene msoti wathu, Namwera, unkabereka koyamba. Ng'ombe yathu inali yomweyo basi. Tsikulo bambo anawakweza lole kupita kumsonkhano wa chipani ku Salima, ndipo masiku amenewo munthu sankakana. Pakhomo tinatsala ine ndi amayi.

Kuyambira m'mawa Namwera ankadzigwetsa m'matope, akumenyetsa mutu pamitengo ya khola mpaka nyanga imodzi inathyoka. Kumbuyo kunkangooneka kachiboda kamodzi. Amayi anapaka sopo mkono wonse n'kuulowetsa mpaka m'phewa. Ng'ombe inawamenya theche la m'nthiti, anagwa chagada, anadzuka akulavula magazi, n'kubwereranso.

Kenako anandituma kukaitana a Saidi, msodzi wachisilamu wa mwendo wolumala amene lole inawasiya. Anabwera ndi chingwe cha khoka ndi mpeni. Anamanga kachiboda kaja, ndipo tonse atatu tinakoka mpaka zikhatho zanga zinasupuka. Chingwe chinaduka, mwana osasuntha.

A Saidi anakhala pansi n'kuyamba kunola mpeni pamwala. Ndinawada ndi mtima wanga wonse.

"Mayi, mpweya ukutha uwu," anatero. "Ikafa yokha ndi nyamafu, kunyanja kuno palibe angaikhudze."

"Dikirani pang'ono, a Saidi."

Anadikira, akunolabe. Amayi anayesanso, anayesanso, ntchentche zikuwatera kumaso. Maso a Namwera atayamba kutembenuka, amayi anangotulutsa mkono n'kuwerama. A Saidi analozetsa khosi la ng'ombe kumpoto monga mwa mwambo wachisilamu, ananong'ona "Bisimila", n'kucheka. Magazi otentha anandiwazikira pakamwa. Ndinawaluma dzanja a Saidi, koma sanandilabadire. Anali atang'amba kale mimba, akufufuza m'kati. Anasolola kathole koterera, amayi n'kukayamwa mphuno ndi pakamwa pawo mpaka kanayetsemula.

Nyama inapita kudoko, pakhomo panabwera chimanga chimene chinatifikitsa m'masika. Kathole tinakalera ndi mkaka wa mbuzi.

Kwa zaka zambiri ndinkati a Saidi anatiphera ng'ombe, ndipo ndikawaona akubwera ndinkapatuka. Lero ndimakumbukira kuti anachoka osatenga khosi, gawo la wozinga nyama. Ndimakumbukiranso kuti mpeni ankanola pamwala uja unali wakuthwa kale. Ankangofuna kuwapatsa amayi nthawi.