Beseni la Madzi Otentha

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa azakhali anga omwe amagulitsa zitenje ku Limbe. Kasitomala wawo wina ankafuna munthu wosamalira amayi ake odwala khansa ya m'bere, ndipo azakhaliwo anandichemerera ngati ndine namwino, chonsecho ndinali ndisanagwirepo ngakhale bandeji. Lolemba lotsatira ndinafika ku Chitawira, kunyumba ya mayi Kaliwo, omwe anapuma pa ntchito ya ulembi.

Bere anali atawachotsa kale. Chotsala chinali kuwotcha ndi cheza cha makina, tsiku lililonse kupatula Loweruka ndi Lamlungu, kuti matendawo asaphukenso. Pachifuwa pawo anawalemba timizere ta inki toti makinawo azilunjika malo amodzimodzi. Anesi a kuchipatala anandiitanira pambali.

"Iwe ndiwe woyang'anira? Madzi ofunda pang'ono basi. Osakhula, uzingogunditsa thaulo. Timizereto tisafufutike. Chotentha chilichonse chisakhudze pamenepo, ndipo mafuta ndi okhawa takupatsawa."

Ndinazisunga ngati malamulo khumi. Ndinkawaveka malaya a thonje okhwepa, kuwafunditsa ambulera popita kukakwera galimoto, kuwakakamiza phala ndi madzi akumwa. Makinawo sapweteka pomwe akugwira ntchito, ululu wake umabwera chozemba. Pofika sabata yachitatu mayi Kaliwo ankatopa ngakhale ndi kupesa tsitsi. Khungu la pachifuwa linada, linauma, linkayabwa, ndipo ine ndinkachita mantha m'mawa uliwonse ndikamawavula.

Loweruka lina masana kunabwera akulu awo, a Esinati, kuchokera ku Thyolo. Anali mayi wachikondi, wolankhula ngati wailesi. Atangoona pachifuwapo anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Magazi aundana apa. Simukumuthowa mwana wa amayi angayu? Iwe mtsikana, tereka madzi."

"Kuchipatala anati..."

"Achipatala anamulera ndi iwo? Ine ndathowa anthu iwe usanabadwe."

Mayi Kaliwo anali atatsinzina, mphamvu yotsutsa analibe. Mwana wawo, amene anandilemba ntchito uja, anali atapita kuukwati ku Zomba. Foni inali m'thumba mwanga, koma ndinaleredwa kuti wamkulu salakwa, ndipo wantchito wa masabata atatu sapikisana mawu ndi m'bale wake wa wodwala. Ndinatereka madziwo. Besenilo ndinalinyamula ndekha, nthunzi ikundiwomba kumaso.

A Esinati anaviika kansalu, kufinya, n'kukanikiza pachifuwa, uku akung'ung'udza nyimbo ya kumvano. Wodwala anabuula. A Esinati anati ndiye kuti zikugwira. Atachotsa kansaluko kachitatu, khungu linatsalira pomwepo ngati la mbatata yophika. Pansi pake panali pofiira, ponyowa. Timizere tija tinali titapita. Nyimbo ija inathera pakamwa.

Lolemba bambo woyendetsa makina anayang'ana balalo n'kukaitana dokotala. Dokotala atabwera anati kuwotcha kuyambe kwaima mpaka khungu litapola, kenako awajambulenso ndi kulemba timizere tatsopano. Anesi aja sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangonena motsitsa mawu kuti, "Ife tikaima, matendawa saima nafe."

Panapita masiku khumi ndi limodzi chithandizo chitaima. Ndinkatsuka balalo ndi madzi amchere a kuchipatala, kuikapo nsalu yosamatirira, kuyang'ana ngati patuluka mafinya, kuwayeza kutentha kwa thupi. A Esinati anabwerera kwawo akulira. Tsiku lina ndikumata bandeji, mayi Kaliwo anandigwira dzanja.

"Rozina, unkadziwa kuti n'zoletsedwa?"

"Ndinkadziwa, mayi."

"Achemwali anga sankadziwa. Iwe unkadziwa."

Komabe sanandichotse ntchito. Chithandizo anamaliza mochedwa. Mpaka lero amapitabe kukapimidwa, ndipo tsiku lawo likamayandikira, chakudya sichindilowa. Palibe dokotala amene anganditsimikizire kuti masiku aja sanawononge kanthu.

Pano ndasamalira odwala khansa angapo, ku Namiwawa, ku Chilomoni, ku Kanjedza. Nyumba iliyonse ili ndi a Esinati ake, ndipo onse amabwera ndi chikondi chenicheni. Ndimawagwadira, ndimawalandira chikwama, ndimawapatsa tiyi. Koma akati nditereke madzi othowera, ndimaimirira pakhomo la chipinda cha wodwala n'kuwauza kuti ayi. Ena amati ndine wamwano. Mwano umenewo ndikanakhala nawo Loweruka lija, khungu la mayi Kaliwo silikanatsalira pa kansalu.