Dzinja Lomwe Ndinali Mozambiki

Gudumu lathu linali la mapesi, lomanga ndi luzi, ndipo likamazungulira linkalira ngati njinga yosowa girisi. Mpaka lero sindinamve nyimbo yokoma kuposa imeneyo.

Misalayi anaiyambitsa ndi aphunzitsi athu ku Nsaru. Anatiuza kuti magetsi amachokera m'madzi: ife timadalira Shire, a ku Zambia anatseka Zambezi, ndipo a ku Mozambiki amapanga ochuluka moti ena amapita ku Joni. Kenako anatigawa m'mayiko atatu, lililonse ndi kamfuleni kake kudambo koti limangepo damu ndi gudumu. Dziko lomwe gudumu lake lizungulire kwambiri Lachisanu, lapambana.

Ine ndinkatsogolera Mozambiki, mkulu wanga Zambia. Kugonja kwa iyeyo? Bola kusamuka pamudzi. Tinkafika kunyumba matope mpaka m'makutu, amayi n'kumangoti, "Magetsi anuwo achapanso malayawa, eti?" Koma damu lathu linkagumuka tsiku ndi tsiku.

Ndinathamangira kwa bambo wina wa ku Tete, tenanti wa pa esiteti ya fodya, amene tonse tinkawatcha amalume. Ndinkati munthu wa ku Mozambiki sangalole dziko lake lichite manyazi. Anakana kawiri, kachitatu anabwera ndi khasu. Anatisonyeza popapatiza, pakati pa miyala iwiri, nati, "Kwathu anatseka potere."

Lachisanu madzi anakwera, ofiira, onunkha dothi. Titatsegula kampata, gudumu linathamanga mpaka kutiwaza kumaso. La Zambia linkangotsimphina, la Malawi linakodwa ndi udzu. Ndinakuwa mpaka mawu kutha, ndipo sindinama, ndikakumbukira nkhope ya mkulu wanga ndimasangalalabe.

Pocheuka ndinaona amalume ali m'madzi mpaka m'mawondo, buluku osapinda. Kumtunda kwa damu kunali tinyumba tadothi tomwe ana anamanga pochita masanje, ndipo madzi anali atayamba kutimiza. Iwo ankanyamula kamodzikamodzi ndi manja awiri, n'kukakakhazika pachulu.

"Amalume, zisiyeni, n'zoseweretsa! Tawina!"

"Mwawinadi, mwanawe," anatero osandiyang'ana. "Ifenso kwathu tinawina. Mudzi wathu uli pansi pa damu lija, ndi manda a amayi anga omwe."

Ndinawachitira nsanje. Ndinathamanga kukauza anzanga kuti amalume ali ndi mudzi wa pansi pa madzi, woyaka magetsi nyumba iliyonse, ndipo ndinadabwa kuti munthu wamwayi chotero akudzavutikiranji ndi fodya wa eni kuno.